Mfuti imodzi yokha m'tchire la Yukon: nditenge iti?

Funso: Ndine Mmalawi wokhala ku Whitehorse, m'chigawo cha Yukon m'dziko la Canada. Ndapeza ntchito yofufuza miyala ya m'migodi, ndipo kuyambira mwezi wa June helikopita izikatitula kutali ndi msewu, awiriawiri, n'kudzatitenga madzulo. Anzanga akutsutsana. Wina akuti ndigule kamfuti kakang'ono ka .22, wina akuti chifefe, wina akuti rifle yaikulu. Zitati zavuta, helikopita osabwera, ndi mfuti iti imodzi yomwe ingandithandize kupulumuka?

Yankho: Achimwene, gulani chifefe cha 12 gauge, chokoka ndi dzanja chija amati pump action, cha mpope waufupi, cha Remington 870 kapena Mossberg 500 kapena china chofanana nazo. Ndayamba ndi yankho kuti musavutike kulisaka. Koma anzanu atatu aja palibe amene akunama. Aliyense akuyankha funso lakelake, ndipo funso lanu si lawo.

Tiyeni tiyambe taona chimene chingakuchitikireni inuyo. Helikopita ikalephera kubwera, kawirikawiri chimakhala chifunga, mphepo, utsi wa moto wolusa kapena makina. Kampani ikudziwa pamene anakutulani m'mawa. Ndiye kuti vuto lanu ndi kugona kunja usiku umodzi, uwiri, mwina utatu, muli ndi zovala zonyowa ndi mnzanu amene mwina wabinya mwendo. Pa masiku oterewa njala siipha munthu. Munthu wathanzi amene akumwa madzi amatha milungu osadya, kungoti amafooka. Chimene chimapha msanga kumeneko ndi kuzizira thupi litanyowa, kuwoloka mtsinje wodzaza, ndi kuvulala. Pa zonsezi mfuti ilibe mawu. Pali chinthu chimodzi chokha chimene sichingadikire opulumutsa ndipo mfuti ingachithetse: chimbalangondo chimene chaganiza zokuyandikirani. Ku Yukon kuli cha grizzly ndi chakuda chomwe, ndipo ntchito yanu yoyenda mutaweramira miyala m'mphepete mwa mitsinje, m'zitsamba zowirira zimene simuona patali, ndi imene imagundanitsa anthu ndi nyama zimenezi. Mfuti yanu muisankhe poganizira chimenecho poyamba, ndiwo zibwere pambuyo.

Mnzanu wa .22 ali ndi mfundo yolimba, ndipo ndisaipeputse. Chipolopolo cha .22 LR chimalemera magalamu atatu ndi pang'ono, moti 500 sizikwana n'komwe makilogalamu awiri. Cha 12 gauge chimodzi chimaposa magalamu 40, ndiye bokosi la 25 lokha ladutsa kale kilogalamu. Mfutiyo ndi yopepuka, siikankha phewa, siigonthetsa m'khutu, ndipo aliyense amaiphunzira msanga. Komanso nyama zimene munthu wosochera amakumana nazo tsiku ndi tsiku si zikuluzikulu ayi. Ndi akalulu, agologolo, anungu, ndi mbalame za banja la nkhwali zotchedwa grouse ndi ptarmigan. Grouse ya m'nkhalango za mitengo ya spruce ndi yopusa mochititsa manyazi. Imangokhala panthambi n'kumakuyang'anani muli mamita asanu. Asilikali a ndege a ku America ankaganiza chimodzimodzi m'zaka za m'ma 1950 pamene ankapangira oyendetsa ndege timfuti tothandizira akagwera m'chipululu. M4 inali ya .22 Hornet. M6 inali ndi mipope iwiri, wa .22 Hornet pamwamba ndi wa chifefe chaching'ono cha .410 pansi. Ndipo AR-7 ya Eugene Stoner, yomwe inatuluka mu 1959 ndipo ikugulitsidwabe, imamasulidwa yonse n'kulowa m'tsinde lake lomwe. Zonsezi anazipangira munthu amene akubisala kapena kudikira nthawi yaitali ndipo akufuna kanyama ka mumphika.

Koma ngakhale pa nkhani ya chakudyayo, anthu amaikhulupirira .22 mopyola muyeso. Mu April 1992 mnyamata wina wa ku America, Chris McCandless, analowa yekha m'tchire la Alaska kudzera njira ya Stampede, pafupi ndi Healy, atanyamula mpunga, mfuti ya .22 ndi zipolopolo pafupifupi 400. Anakhala m'basi yakale yosiyidwa m'tchiremo. Mfuti inagwira ntchito yake bwinobwino. Anapha agologolo, anungu, mbalame, ndipo m'mwezi wa June anagwetsa nayo moose, chinyama cholemera makilogalamu mazanamazana, chinthu chimene mlenje wanzeru sangayese ndi kamfuti kotere. Nyama yonseyo inamuwolera. Anayesa kuiwamba pautsi m'malo moilenga timizere topyapyala n'kuiyanika, ntchentche zinaikira mazira, ndipo patangopita masiku ochepa munali mphutsi zokhazokha. Mu July anaganiza zobwerera, koma anapeza mtsinje wa Teklanika, umene anawoloka mosavuta pobwera, utasefukira ndi madzi a chipale chosungunuka. Chapafupi ndithu panali chingwe chowolokera cha anthu oyeza madzi, koma iye analibe mapu oonetsa zimenezo. Anamwalira mu August, ndipo alenje atapeza thupi lake mu September linkalemera makilogalamu pafupifupi 30. Anthu amatsutsanabe ngati mbewu zina zimene ankadya zinamufooketsa, koma palibe amene amati inachepa ndi mfuti. Anasowa mapu, luso losunga nyama, ndi munthu wodziwa tsiku loti ayambe kumufunafuna.

Palinso chinthu china chimene okonda .22 satchula. Nyama ya kalulu ilibe mafuta. Munthu amene akudya kalulu yekhayekha m'dziko lozizira amayamba kutsegula m'mimba ndi kufooka ngakhale mimba ikukhuta, vuto limene woyenda m'maiko a kumpoto Vilhjalmur Stefansson analifotokoza kalekale. Galamu ya mafuta imapatsa thupi mphamvu yoposa kawiri ya galamu ya mnofu. Akaluluwonso sapezeka chaka chilichonse. Ofufuza a ku Kluane, ku Yukon komweko, akhala akuonetsa kuti amachuluka n'kutha pafupifupi zaka 10 zilizonse, moti mukagwera m'chaka choipa mutha kuyenda tsiku lonse osaona ndi phazi lomwe. Ngati nkhawa yanu ndi ndiwo, kawaya kotchera makhwekhwe ndi mbedza zingapo zimalemera pang'ono kuposa bokosi la zipolopolo, ndipo zimasaka inu muli gone. Paketi ya mtedza ndi botolo la mafuta ophikira m'chikwama zimaposa zonsezi.

Mwina mukuganiza kale za mfuti ya mipope iwiri yosiyana, kuti muphe mbalame ziwiri ndi mwala umodzi. Maganizo amenewa ali ndi mbiri yosangalatsa. Pa 19 March 1965 chombo cha m'mlengalenga cha Voskhod 2 chinatera kutali ndi malo amene chinayenera kutera, m'nkhalango ya chipale chofewa m'chigawo cha Perm ku Russia. Alexei Leonov, amene dzulo lake anali atakhala munthu woyamba kutuluka m'chombo ali m'mlengalenga, anagona m'nkhalangomo masiku awiri pamodzi ndi Pavel Belyayev, chida chawo chili kapisitolo basi. Leonov sanaiwale, ndipo anakakamira mpaka akuluakulu anapangitsa TP-82, mfuti ya mipope itatu: iwiri ya chifefe pamwamba, umodzi wa rifle pansi, tsinde lake ndi chikwanje chovulidwa. Inkayenda m'zombo za Soyuz kuyambira 1986 kwa zaka pafupifupi 20. Za anthu wamba ziliponso, monga Savage Model 24 ndi mng'ono wake Model 42. Ndimazikonda mfuti zimenezi, ndipo kwa munthu wotchera misampha amene akuyendera mzere wake m'nyengo yozizira, zimbalangondo zili m'tulo, n'zabwino kwambiri. Kwa inu ayi. Mpope uliwonse uli ndi chipolopolo chimodzi, mukawombera muyenera kuithyola n'kuikamo china ndi zala zonjenjemera, ndipo .410 ndi yochepa kwambiri pa grizzly.

Mnzanu wa rifle yaikulu ndiye ali pafupi kwambiri ndi ine. A Canadian Rangers, amene amalondera kumpoto kwenikweni kwa dzikolo, anagwiritsa ntchito Lee-Enfield ya .303 kuyambira 1947 mpaka pamene anayamba kulandira C19 ya .308 mu 2018, ndipo yatsopanoyonso ndi yokoka ndi dzanja, chifukwa m'chisanu choopsa mfuti zodzikoka zokha zimakonda kukanirira. Ku Svalbard, zilumba za Norway kumene kuli zimbalangondo zoyera, akuluakulu amalangiza rifle yosachepera .308 kapena .30-06. Koma onani malo akewo: mtunda wopanda mtengo, kumene nyama umaiona ili kutali ndipo chakudya ndi caribou (gwape wamkulu wa kumaiko ozizira) kapena seal (nyama ya m'nyanja). Mukanakhala kuti mukupita kotero, kapena mukanakhala mlenje wozolowera kale rifle, ndikanati tengani .30-06 ndipo ndikanagona tulo. Kungoti rifle imadziwa ntchito imodzi. Mukawombera nayo grouse mutola nthenga. Ndipo zambiri zimabwera ndi galasi loonera patali, lomwe pa mamita 15 m'zitsamba limangokuonetsani ubweya wabulauni osadziwa kuti mutu uli kuti.

Chifefe chimapambana chifukwa mfuti ndi imodzi koma chimene mwaikamo chimasintha ntchito yake. Mukaika slug, chomwe ndi chibulumwa chimodzi cha mtovu cholemera magalamu 28 kapena kuposerapo, chotuluka mumpope wa mamilimita 18.5, muli ndi chida choimitsa chimbalangondo pafupi, komanso chogwetsa caribou pa mamita 50 kapena 70 zitafika pothina. Nthambi ya boma la Alaska yoona za nsomba ndi nyama imatchula zida ziwiri zoyenera munthu akakakamizika kuwombera chimbalangondo: rifle ya .300 Magnum, kapena 12 gauge yokhala ndi slug. Musankhe ma slug olimba a mtundu wa Brenneke, chifukwa ofewa opangira agwape amaphwatalala asanalowe mkati mwa mafupa ndi minofu ya paphewa. Mukaika cha tinjere ta mtovu ta nambala 6, muli ndi mfuti ya kalulu wothamanga ndi mbalame youluka mpaka mamita 30 kapena 35, zomwe ndi .22 zimafuna katswiri. Palinso zipolopolo zongophulika phokoso ndi za labala zothamangitsira nyama osaipha, ndipo izi zimayenda bwino m'mfuti yokoka ndi dzanja pamene yodzikoka yokha imalephera kuzitulutsa. Pomaliza, kulira kwa 12 gauge kumamveka kutali. Kuwombera katatu motsatizana ndi chizindikiro chodziwika choti munthu ali pamavuto, pamene kulira kwa .22 kumathera m'mitengo momwemo.

Chimalemera, zoona. Mfuti yokha ndi makilogalamu atatu ndi kanthu, ndipo pofika masana, muli ndi thumba la miyala kumsana, mudzayamba kuitukwana. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa: amaikoloweka pamtengo n'kupita kukagogoda thanthwe mamita 40 kutsogolo. Gulani lamba wabwino woikolekera, ndipo musanyamule zipolopolo ngati mukupita kunkhondo. Ma slug 10, za tinjere 10 kapena 15, ndi zaphokoso zingapo n'zokwanira masiku amene tikunenawa. Muziike m'matumba osiyana, nthawi zonse mbali yomweyomweyo, kuti dzanja lidziwe lokha. M'mfutimo muzikhala ma slug okhaokha. Za mbalame muziika chimodzichimodzi mbalameyo mukuiona, ndipo musasakanize zaphokoso ndi zakupha mumzere umodzi, chifukwa tsiku la mantha simudzakumbukira kuti chotsatira ndi chiti.

Tsopano ndinene chimene ogulitsa mfuti sanena. Grizzly imathamanga makilomita oposa 50 pa ola, kutanthauza mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Ikatulukira pa mamita 30 muli ndi masekondi awiri oti muvule mfuti paphewa, muikoke, muloze ndi kuwombera chinthu chimene chikudumphadumpha. Ofufuza za zimbalangondo Tom Smith ndi Stephen Herrero, pamodzi ndi anzawo, anaunika nkhani za ku Alaska pa zimenezi. Mu kafukufuku wa 2008 anapeza kuti mwa anthu amene ananyamula utsi wa tsabola wothamangitsira zimbalangondo n'kukumana nazo pafupi, 98 pa 100 alionse anachoka osavulala. Mu wa 2012, wa nkhani 269 za anthu okhala ndi mfuti, anapeza kuti amene anawombera ankavulala pa mlingo wofanana ndi amene anali ndi mfuti koma sanaigwiritse ntchito. Ena sanapeze mpata, ena mfuti inakanirira, ena anaphonya, ena anagwa chagada pobwerera m'mbuyo. Anthu amatsutsana za mmene ziwerengerozi zingafananizidwire, ndipo utsi uli ndi zofooka zake: mphepo ikamaomba cha kwa inu, kapena m'hema. Koma phunziro lake kwa inu n'loonekeratu. Chitini cha tsabola chizikhala palamba kapena pachifuwa, osati m'chikwama, ndipo mfuti ikhale yachiwiri. Mukakhala awiri, wina agwire tsabola, wina mfuti, ndipo mugwirizane zimenezi musanakwere helikopita.

Mfuti ya pump ili ndi msampha wake umene muyenera kuudziwa. Munthu akachita mantha sakoka chogwirira chija mpaka kumapeto. Amakoka theka, n'kukankhanso, ndipo akafinya chowombera amangomva "tche", m'chipinda mulibe kanthu. Mankhwala ake ndi kuyeserera basi, kukoka mwamphamvu ngati mukufuna kuithyola. Slug imakankhanso phewa moti munthu wosazolowera amayamba kutsinzina ndi kugwetsa mlomo wa mfuti asanawombere n'komwe. Pitani kumalo oyeserera, yambani ndi zipolopolo zopepuka za mbalame mabokosi angapo, kenako ma slug. Ikani mbale ya pepala pa mamita 15. Mutavala jekete lanu la kuntchito ndi chikwama kumsana, yambani mfuti ili paphewa, ndipo muone ngati mungaike ma slug awiri m'mbalemo mwachangu. Mukaona kuti 12 gauge ikukuposani mphamvu, musachite manyazi kutsikira pa 20 gauge. Yochepa imene mumalasa nayo iposa yaikulu imene mumaiopa. Koma zipolopolo za mitundu iwiriyi zisakumane m'thumba limodzi: cha 20 chimatha kutsetserekera mumpope wa 12 n'kukakamira m'kati, ndipo chotsatira chimaphulitsa mfuti.

Za pisitolo musataye nazo nthawi. Kuyambira mu October 2022 boma la Canada linaimitsa kugula ndi kugulitsa mapisitolo kwa anthu wamba, ndipo chilolezo choyenda nayo m'tchire chimaperekedwa kwa anthu ochepa a ntchito zina. Chifefe chomwechi simungachigule popanda chiphaso chokhalira ndi mfuti chotchedwa PAL, chimene chimafuna kuti muyambe mwachita maphunziro a Canadian Firearms Safety Course ndi kukhoza mayeso ake. Wopempha koyamba amadikira masiku osachepera 28, ndipo nthawi zambiri zimatenga nthawi yoposa pamenepo, ndiye ngati June ndi amene mukunenayu, yambani sabata ino. Funsaninso abwana anu musanawononge ndalama. Makampani ena salola wantchito kubwera ndi mfuti yake, ena amapereka yawo, ena amalemba munthu wapadera wolondera zimbalangondo. Malamulo a Yukon amalola kupha nyama podziteteza kapena pofuna kupewa kufa ndi njala, koma muyenera kukanena kwa woyang'anira zanyama mwamsanga, ndipo adzafunsa ngati panalibe njira ina. PAL si chiphaso chosakira. Grouse yowombera chifukwa chakudya cha masana chinachepa ndi mlandu.

Mfuti ikalowa m'helikopita izikhala yopanda chipolopolo, yotsegula, ndipo woyendetsa aione ndi maso ake. Chitini cha tsabola mum'patse iyeyo akachiike m'bokosi lakunja, chifukwa chikaphulika m'kati nonse simuona. Poyenda pansi, zipolopolo zikhale mumzere wake koma m'chipinda chowomberamo mukhale mopanda kanthu mpaka mutaona chifukwa. Pa ntchito yoterereka pamiyala yonyowa, mfuti yotchera kale ndi yoopsa kwa mnzanu kuposa chimbalangondo. Matani kathepi kakuda ka magetsi pamlomo pake kuti matope ndi chipale zisalowe. Mpweya umakachotsa chipolopolo chisanafike, pamene mpope wotsekeka ndi matope umang'ambika. Kukayamba kuzizira chakumapeto kwa August, pukutani mafuta ambiri m'kati chifukwa amalimba n'kuchedwetsa kachitsulo komenya chipolopolo. Mukailowetsa m'hema wofunda imachita thukuta, ndipo thukutalo limaundana mukatuluka nayo, choncho muziipukuta. Ngati ndalama zilipo, mitundu yokutidwa ndi nickel, yopangira anthu a m'maboti, siichita dzimbiri msanga. Ndipo ngati tsiku lina mudzadye nyama ya chimbalangondo, ipse mpaka m'kati, chifukwa imakhala ndi tinyongolotsi ta trichinella timene kuwamba kapena kuumitsa m'chisanu sikupha.

Ndalama zikakhala zochepa moti muyenera kusankha, yambani ndi kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa setilaiti, monga inReach, kapena kabikoni ka 406 MHz kamene kamaitana opulumutsa. Kazikhala m'thumba la jekete lanu pamodzi ndi machesi osanyowa, osati m'chikwama chimene mtsinje ungakulandeni. Ku Alaska lamulo linkakakamiza oyendetsa ndege zing'onozing'ono kunyamula mfuti m'katundu wa pangozi, koma mu 2001 anachotsamo mfutiyo n'kusiya chakudya, nkhwangwa, choyatsira moto, zipangizo zoitanira thandizo ndi ukonde wotchinga udzudzu kumaso. Ukonde umenewu musauseke. Udzudzu wa ku Yukon mu June ndi July ungakulepheretseni kugona usiku wonse, ndipo munthu wosagona ndi amene amaganiza zowoloka mtsinje m'malo modikira pamene anamutula.